Za Kadyedwe ka Agriki ndi Aroma Akale

Pophunzitsa mbiri ya Agriki ndi Aroma, kawiri kawiri tinena za mafumu ao, za nkhondo zao, ndi za nyumba zao zazikuru za miyala. Koma mwana wanzeru akafunsa kuti, Nanga anthu amenewo ankadya ciani? aphunzitsi ambiri asowa coyankha. Funsolo siliri lacabe ai. Tikalitsata bwino tidzaona kuti mizinda iwiri yomveka, Athens ndi Roma, inatsamira moyo wace pa tirigu wocokera tsidya la nyanja, kotero kuti pamene zombo zinaleka kufika, mphamvu yao inagwedezeka. Tsono m'nkhani yino tiyambe ndi mphika, ndipo potsiriza tidzafika ku nkhokwe.

ZIMENE ANALIBE, NDI ZIMENE ANALI NAZO

Coyamba tidziwe kuti zakudya zambiri zimene tizolowera ife sizinaoneke konse pa mbale ya Mgriki kapena ya Mroma. Cimanga, cinangwa, mbatata, mtedza, maungu, matimati ndi tsabola wofiira ndizo mbeu za ku America, ndipo zinayamba kuoloka nyanja citapita caka ca 1492. Tiyi ndi khofi sanawadziwe. Pofuna kutsekemeretsa cakudya ankathira uci. Mbeu zao zazikuru zinali tirigu, barele, azitona ndi mphesa. Pamodzi ndi izi ankalima mphodza, nsawawa, anyezi, adyo, kabichi ndi nkhuyu, naweta mbuzi, nkhosa ndi nkhumba. Mkaka sankaukonda kuumwa wauwisi, koma ankauumitsa ukhale chizi. Tsabola wakuda ankacokera ku India, ndipo mtengo wace unali wa anthu a cuma.

NSIMA NDI NDIWO ZA AGRIKI

M'cinenero ca Agriki muli mau awiri amene ife tiwamva msanga koposa Azungu a lero. Liu loyamba ndilo sitos, ndico cakudya cokhutitsa ca dzinthu. Laciwiri ndilo opson, ndico ciri conse codyera pamodzi ndi sitos kuti ilowe bwino. Kusiyana kwace ndi komwe kuli pakati pa nsima ndi ndiwo. Sitos ya munthu wamba inali maza: barele wokazinga, wopera, wokanda ndi madzi, kapena mafuta, kapena uci, nakhala mtanda wodya wosaphikanso. Mkate wa tirigu unali wa mtengo woposa. Opson inali azitona, anyezi, chizi, masamba, ndi nsomba.

Tsono popeza ndiwo yokondeka koposa ku Athens inali nsomba, liu lija opson linayamba kutanthauza nsomba makamaka. Kwa ilo kunacokera opsarion, ndiko kunena kandiwo kapena kansomba, liu lopezeka m'Uthenga Wabwino wa Yohane m'Cigriki. Ndipo kufikira lero Agriki acha nsomba psari. Kunacokeranso liu lina, opsonion, limene poyamba linali ndalama zogulira ndiwo, ndipo pambuyo pace linakhala malipiro a msilikari. Munthu wodya ndiwo zambiri ndi sitos pang'ono ankamucha opsophagos, namseka, monga ife tidzudzula mwana wankhuli wotsiriza ndiwo nsima ikali m'mbale. Onani kuti mitundu yotalikirana cotere inaweruza mlandu umodzi mofanana.

NYAMA YA NSEMBE, NDI KUDYA KWA KU SPARTA

Nyama siinali ya masiku onse. Mgriki wamba ankailawa makamaka pa tsiku la nsembe. Ng'ombe kapena nkhosa ikaphedwa pa guwa, mafupa a m'ncafu okuta ndi mafuta ankaocedwa kuti utsi ukwere kwa milungu, ziwalo za m'kati zinkaocedwa pa mpani ndi kudyedwa pomwepo, ndipo mnofu unkagawidwa kwa anthu. Wotsala unkafika pa msika. Ici ndico cifukwa cace mtumwi Paulo anayenera kuyankha a ku Corinth za nyama yoperekedwa kwa mafano: funso lao linali la pa msika ndi la pa phwando la mnansi.

Ku Sparta kunali mwambo wace wace. Mwamuna ali yense mfulu ankadya madzulo ndi gulu lace la anthu monga 15, osati kunyumba kwa mkazi wace. Ndipo mwezi ndi mwezi ankasonkha barele, vinyo, chizi ndi nkhuyu. Ndiwo yao yochuka inali msuzi wakuda, ndiwo nyama ya nkhumba yophika m'mwazi wace pamodzi ndi mcere ndi vinyo wosasa. Plutarch asimba kuti pofuna kulandira munthu watsopano, a m'gululo ankaponya timibulu ta mkate m'mbale. Pakapezeka kambulu kamodzi kophwatalala, munthuyo wakanidwa. Ndipo Aristotle ati iye amene analephera kusonkha gawo lace ankataya ufulu wace wa mbadwa. Potero umphawi unkacotsa munthu pa cakudya ndi pa bwalo la milandu pamodzi, ndipo ciwerengero ca mbadwa za Sparta cinanka cicepera-cepera.

PHWANDO LA VINYO

Agriki akatha kudya madzulo, eni cuma ankayamba symposion, ndiko kunena kumwera pamodzi. Linkacitika m'cipinda ca amuna cochedwa andron, mmene munali makama oyala m'mbali mwa makoma, kawiri kawiri 7, ndipo pa kama uli wonse pankaseama anthu awiri. Mkazi wa mwini nyumba ndi ana ace akazi sankalowamo. Vinyo ankamsanganiza ndi madzi m'mbiya yaikuru yochedwa krater, ndipo madzi ndiwo ankacuruka. Kumwa vinyo wosasanganiza ankakuyesa mkhalidwe wa anthu osadziwa mwambo. Ankasankha mmodzi akhale mkuru wa phwando, ndiye wolamula muyeso wa madzi ndi ciwerengero ca mbiya. Pamenepo ankathira nsembe ya vinyo, nayimba, naphiphiritsa miyambi, nakambirana nkhani mosinthana. Analinso ndi sewero lochedwa kottabos: munthu ankazunguza cikho pa cala, nataya matsikwi a vinyo kuti agwetse kambale kotsamira pamwamba pa ndodo.

NJALA YA KU ATHENS

Dziko la Attica, lozinga Athens, liri la miyala, loyenera azitona ndi barele koposa tirigu. Ndipo pamene anthu anacuruka, minda inalephera kuwadyetsa. Cifukwa cace zombo zinkatenga tirigu ku maiko a m'mbali mwa nyanja yochedwa Black Sea, nizipita pa mpata wopapatiza wa Hellespont kufikira ku dooko la Piraeus. Adani ao anazindikira kuti khosi la mzindawo liri pa mpata umenewo. M'caka ca 405 Kristu asanabadwe, Lysander, kazembe wa Sparta, anagwira zombo za nkhondo za Athens pa Aegospotami, m'mbali mwa mpatawo, natseka njira ya tirigu, nazinga Piraeus. Malinga a Athens anaima osagumuka, koma m'kati mwace anthu anali kufa ndi njala. Ndipo m'caka ca 404 anagonja, malinga ao atali ofika kunyanja nagumulidwa. Nkhondo ya zaka 27 inatha cotero.

KUCOKERA KU PHALA KUFIKA KU MKATE

Aroma oyamba anali anthu a phala. Cakudya cao cinali puls, phala lolimba la mtundu wa tirigu wochedwa far, umene ankaukazinga ndi kuusinja mu mtondo kuti acotse mankhusu. Pliny wamkuru alemba kuti mu Roma munalibe anthu a nchito yoocha mikate ya malonda kufikira nkhondo yomenyana ndi Perseus mfumu ya Macedonia, ya zaka za 171 kufikira 168 Kristu asanabadwe; kale lonse akazi ankaocha mikate m'nyumba zao. Pambuyo pace nchitoyo inakula kotero kuti woocha mikate wina, dzina lace Eurysaces, anadzimangira manda akuru amene aoneka kufikira lero pa cipata ca Porta Maggiore, ndipo pamwamba pace pajambulidwa anthu alikupera, alikukanda, alikuocha ndi kuyesa mikate pa sikelo.

Zambiri tizidziwa cifukwa ca tsoka la mudzi wa Pompeii, umene phiri la Vesuvius linaukwirira ndi phulusa m'caka ca 79. Okumba apezamo nyumba zoocera mikate zoposa 30. M'ng'anjo ya imodzi munali mikate 81 yosandulika makala, yozungulira, yolembedwa mizere kuti inyemeke m'zigawo 8. Mphero zace zinali za mwala wa m'phiri la moto, zazitali ngati munthu, ndipo wozunguza anali buru kapena kapolo. M'caka ca 2023 analengeza kuti afukula cipinda copapatiza, ca mazenera a zitsulo, mmene akapolo ndi aburu ankatsekeredwa pamodzi, ndipo pansi pali mizere yosema yotsogolera mapazi ao pozungulira mphero. Poyamikira mkate wa Aroma, tisaiwale amene anaupera.

Osauka a mu Roma ankakhala m'nyumba zosanjikizana, m'tizipinda topanda mafuwa, pakuti moto unali woopsa kumwambako. Potero ambiri ankagula cakudya cotentha m'mbali mwa mseu, pa magome omanga ndi miyala okhala ndi mitsuko yolowa m'kati mwace. Pa gome lina lotere la ku Pompeii, limene analionetsa m'caka ca 2020, anapeza zotsala za bakha, nkhumba, mbuzi, nsomba ndi nkhono.

TIRIGU WA BOMA

Masiku a Kaisara Augustus mu Roma munali anthu monga 1,000,000, ndipo minda ya Italy siinathe kuwakhutitsa. Tirigu ankacokera ku Sicily, ku Africa wa kumpoto, ndi ku Egypt, dziko limene Aroma analitenga m'caka ca 30 Kristu asanabadwe. Mtengo ukakwera, mzinda unkabvunduka. Cifukwa cace akuru anayamba kulowerera. M'caka ca 123 Kristu asanabadwe Gaius Gracchus anaika lamulo lakuti mbadwa zigule tirigu wa boma pa mtengo wotsika wosasinthika. M'caka ca 58 Clodius anacotsa mtengowo, tirigu nakhala waulere. Olandira anacuruka kufikira 320,000, ndipo Julius Caesar anawacepsa akhale 150,000. Augustus anawaika pa 200,000. Mwamuna wolembedwa m'kaundula ankaonetsa cizindikiro cace, nalandira miyeso 5 yochedwa modius pa mwezi, ndiyo makilogramu monga 33. Muyesowo unakwanira munthu mmodzi ndi kutsalako, koma sunakwanire banja. Ndipo akapolo ndi alendo sanalandire kanthu.

Zombo za tirigu zocokera ku Alexandria zinkalimbana ndi mphepo mwezi umodzi kapena iwiri zisanafike ku Puteoli, ndipo m'nyengo yacisanu amalinyero ambiri sankayenda konse. Combo cija cinasweka ndi Paulo pa cisumbu ca Malta cinali cimodzi ca izo, ndipo buku la Macitidwe lichula anthu 276 amene anali m'menemo pamodzi ndi tirigu. Kaisara Claudius anayamba kukumba dooko latsopano pafupi ndi Ostia m'caka ca 42, kuti zombo zifike pa mathiriro a mtsinje wa Tiber. Koma m'caka ca 51 kunagwa njala. Tacitus ati m'nkhokwe munatsala cakudya ca masiku 15 okha, ndipo Suetonius asimba kuti khamu la anthu linazinga Kaisarayo pa bwalo la mzinda, nilimtukwana, nilimponya nyenyeswa za mkate, kotero kuti anapulumukira pa khomo la kuseri la nyumba yace. Atatero analonjeza amalonda kuti combo cikatayika ndi namondwe m'nyengo yacisanu, iye mwini adzabwezera. Mfumu ya maiko ambiri inaopa anthu anjala a pakhomo pace koposa adani a kumalire.

MSUZI WA NSOMBA NDI MAFUTA

Cokoleretsa ca Aroma onse cinali garum. Ankatenga tinsomba ndi matumbo a nsomba zazikuru, nazisanjika ndi mcere wambiri m'maenje omata, nazisiya padzuwa miyezi iwiri kapena itatu. Madzi okhetsa pamwamba ndiwo garum, ndipo ankawathira m'ndiwo monga ife tithira mcere. Matsikwi otsala pansi, ochedwa allec, anali a osauka ndi akapolo. Maenjewo aoneka kufikira lero ku Baelo Claudia, m'dziko la Spain. Ndipo ku Pompeii munthu wina, Aulus Umbricius Scaurus, analemera nayo nchitoyi kotero kuti anajambulitsa mitsuko ya msuzi wace pansi pa nyumba yace ndi timiyala ta mawanga.

Mafuta a azitona anali a kuphikira, a nyali, ndi a kudzola posamba, pakuti m'malo mwa sopo ankadzola mafuta, napala khungu ndi kacitsulo kokhota. Kucuruka kwace kudziwika ndi phiri liri mu Roma, lochedwa Monte Testaccio, la msinkhu wa mamita monga 35, limene lonse liri mapale a mitsuko ya mafuta. Ophunzira ayesa kuti mitsukoyo inali 53,000,000, ndipo yambiri inacokera kumwera kwa Spain. Ankaiswa popeza mafuta olowa m'dothi ankasasa, nathira njereza pa mapalewo kuti aphe pfungo.

GOME LA WOLEMERA NDI MBALE YA KAPOLO

Mroma ankadya katatu: ientaculum mamawa, prandium usana, zonse ziwiri zopepuka, ndi cena, cakudya cacikuru ca dzuwa litapendeka, atacokera kosamba. Wolemera ankadyera m'cipinda cochedwa triclinium, ndiko kunena makama atatu. Makamawo ankazinga gome mbali zitatu, mbali yacinai ikhale ya otumikira, ndipo pa kama uli wonse pankakhala anthu atatu, onse pamodzi 9. Mlendo ankabvula nsapato, kapolo namsambitsa mapazi. Pamenepo ankatsamira pa cigongono ca kumanzere, mapazi ataloza kunja, nadya ndi dzanja lamanja. Uku ndiko kuseama pacakudya kumene ana akumana nako m'Mauthenga Abwino. Malo ali onse anali ndi ulemu wace, ndipo kumuika munthu pa malo otsika kunali kumnyoza pamaso pa anzace. Mosiyana ndi Agriki, mkazi wa Mroma ankadya pamodzi ndi mwamuna wace ndi alendo.

Mafoloko a pagome kunalibe. Ankadya ndi zala ndi masupuni. Ankayamba ndi mazira ndi masamba, natsiriza ndi zipatso. Mlendo ankabwera ndi kansaru kace kopukutira, namangamo mkute popita kwao. Anthu a cuma ankanenepetsa timbewa ta m'mitengo, tochedwa glires, m'mitsuko ya dothi ya timabowo, natidya tootcha. Koma mbiri ija yakuti Aroma anali ndi cipinda cosanziramo kuti adyenso iri yonama: vomitorium ndilo khomo lalikuru loturukira khamu la anthu m'bwalo la masewero.

Pa magome ena munali tsankho. Pliny wamng'ono asimba m'kalata kuti anadya kwa munthu amene anadziikira yekha ndi anzace ocepa zakudya zabwino, napatsa otsalawo zacabe, nagawanso vinyo m'mitundu itatu monga mwa ulemu wa alendo. Pliny anaipidwa nazo, nati kwace onse alandira zofanana, ngakhale akapolo omasulidwa. Ndipo cuma sicimthera, popeza iye mwini amwa vinyo yemwe amwa iwo.

Za akapolo a kumunda tiziwerenga m'buku la ulimi la Cato wamkuru, lolembedwa monga m'caka ca 160 Kristu asanabadwe. Iye alangiza kuti wanchito alandire tirigu miyeso 4 pa mwezi m'nyengo yacisanu, ndi miyeso 4 ndi theka m'nyengo yotentha. Ndiwo zace zikhale azitona zogwa zokha pansi, ndipo zikatha, allec ndi vinyo wosasa. Mcere ukhale muyeso umodzi pa caka. Koma pa cikondwerero ca Saturnalia, coyamba pa 17 December, akapolo ankaloledwa kudya phwando ndi ambuye ao, ndipo m'nyumba zina ambuyewo ndiwo ankatumikira. Cikondwerero cikatha, ali yense ankabwerera pamalo pace.

MMENE ZINATHERA

Mafumu a pambuyo anaonjeza pa mphatso ya boma: Septimius Severus anaikapo mafuta, ndipo Aurelian, wolamulira kuyambira 270 kufikira 275, ankagawa mikate yoocha kale ndi nyama ya nkhumba. Koma Constantinople atakhazikitsidwa m'caka ca 330, tirigu wa ku Egypt anayamba kupita kumeneko, Roma natsala kudalira Africa wa kumpoto. M'caka ca 439 mtundu wa Vandal unalanda Carthage, nugwira nkhokwe yotsalayo. Nkhondo ndi miliri zinaonjezapo, ndipo pofika zaka za m'ma 500 mzinda uja wa anthu 1,000,000 unatsala ndi zikwi makumi owerengeka, ng'ombe nizidya msipu pakati pa mabwinja.

Inu aphunzitsi, pokamba izi musacurukitse maina ndi zaka pa tsiku limodzi. Lembani pa bolodi mau awiri aja, sitos ndi opson, ndipo ana apeze okha mau a kwao ofanana nao. Jambulani makama atatu ozinga gome, muitane ana 9 aseame monga Aroma, kuti aone kumene mapazi aloza ndi kumene wotumikira aima. Pomwepo muwaonetse pa mapu njira ya zombo, kucokera ku Alexandria kufikira ku Puteoli, ndi kuwafunsa kuti anene cimene cidzagwera mudzi umene nkhokwe yace iri tsidya la nyanja.